Marozi Akale Onunkhira ndi Kalimidwe Kake ku Mapiri a Dedza

Marozi akale ndi magulu a maluwa a rozi amene analipo kale chisanafike chaka cha 1867, kuphatikizapo mbewu zina za m'magulu omwewo zimene zinatulutsidwa pambuyo pake. Amadziwika ndi fungo lamphamvu, duwa la timasamba tothithikana, ndi moyo wautali, pakuti tsinde limodzi limatha kukhala pakhomo zaka makumi angapo. Rozi si mbewu yachilengedwe ku Malawi, koma amakondwa kumalo okwera ndi ozizira monga Dedza, Zomba ndi Thyolo. Ku Dedza, magulu oyenerana ndi nyengo ndi aja ochokera ku marozi a ku China, amene safuna chisanu choopsa kuti amasule, ndipo amagwira msanga munthu akabzala nthambi yodula. Chifukwa cha ichi, kusungika kwa marozi amenewa kumadalira kwambiri anthu opatsana nthambi khomo ndi khomo.

Malire a chaka cha 1867

M'chaka cha 1867, mlimi wa maluwa wa mumzinda wa Lyon ku France, Jean-Baptiste Guillot, anatulutsa rozi wotchedwa 'La France'. Ambiri amamutenga kuti ndiye woyamba wa gulu la Hybrid Tea, lomwe ndilo gwero la marozi aphesi lalitali ogulitsidwa m'masitolo masiku ano. Mu 1966 bungwe la American Rose Society linagwirizana kuti chaka chimenechi chikhale malire pakati pa akale ndi amakono. Chimene amayang'ana ndi gulu, osati chaka chimene mbewuyo inatuluka. Motero 'Madame Isaac Pereire' wa mu 1881 amawerengedwa wakale chifukwa gulu lake la Bourbon linalipo kale, pamene 'Peace' wa mu 1945 ndi wamakono ngakhale wakhalitsa m'minda ya anthu.

Magulu ake

Marozi akale amagawika pawiri malinga ndi kamasulidwe kake, ndipo kusiyana kumeneku ndi kofunika koposa kwa mlimi wa kuno.

Chigawo choyamba ndi cha marozi a ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia: Gallica, Damask, Alba, Centifolia ndi Moss. Pafupifupi onsewa amamasula kamodzi pachaka, kwa masabata owerengeka, ndipo amafuna kugona m'nyengo ya chisanu chenicheni asanatulutse maluwa. Ndiwo amene anatchuka m'munda wa Joséphine, mkazi wa Napoleon, ku Malmaison, nyumba imene anagula mu 1799, ndipo ambiri a iwo anajambulidwa ndi Pierre-Joseph Redouté m'mabuku ake otchedwa Les Roses, amene anatuluka kuyambira 1817 mpaka 1824.

Chigawo chachiwiri chinabadwa pamene marozi a m'minda ya ku China anafika ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Anayi otchuka ndi 'Old Blush', 'Slater's Crimson China', 'Hume's Blush' ndi 'Parks' Yellow'. Iwowa anabweretsa chinthu chimene Ulaya analibe, ndicho kumasula mobwerezabwereza malinga ngati kukutentha ndipo madzi alipo. Kuchokera mwa iwo munatuluka magulu a China, Tea, Noisette, Bourbon ndi Hybrid Perpetual.

Gulu la Noisette linayambira ku Charleston ku America, kumene mlimi wa mpunga John Champneys anakwatitsa 'Old Blush' ndi Rosa moschata. Mwa zidzukulu za rozi wobadwayo muli marozi oyanga monga 'Lamarque' wa mu 1830, 'Maréchal Niel' wachikasu wa mu 1864, ndi 'Madame Alfred Carrière' wa mu 1879. Gulu la Bourbon linachokera pafupi ndi ife, pachilumba cha Réunion m'nyanja ya Indian, chimene kale chinkatchedwa Bourbon. Kumeneko, cha m'ma 1817, kunapezeka rozi wobadwa mwa 'Old Blush' ndi Damask wina, amene anthu ankabzala m'mipanda ya minda. Anatchedwa 'Rose Edouard', ndipo mpaka lero amalimidwa ku India popangira nkhata zamaluwa ndi zotsekemera. M'gulu lomweli muli 'Souvenir de la Malmaison' wa mu 1843 ndi 'Zéphirine Drouhin' wa mu 1868, amene alibe minga.

Gwero la fungo

Fungo la rozi limachokera m'timadzi touluka timene timapangidwa m'timasamba ta duwa. Todziwika kwambiri ndi geraniol, citronellol, nerol ndi phenylethanol, komanso damascenone, amene amapezeka pang'ono zedi koma mphuno imamumva msanga. Kusakanizika kwa timadziti ndiko kumasiyanitsa mtundu ndi mtundu. Damask ali ndi fungo lolemera lotsekemera, lomwe limadziwika m'mafuta onunkhiritsa. Marozi a Tea ali ndi fungo lopepuka lofanana ndi la masamba a tiyi. Mwa Rosa moschata fungo limachokera pakati pa duwa, pamene pamakhala mungu, ndipo limamveka patali ndi chitsambacho. Marozi a Moss amanunkhiranso pa timaubweya tonanda timene timakuta duwa lisanamasule.

Mu 2015 akatswiri a ku France anafalitsa m'magazini ya Science kuti chimene chimathandiza rozi kupanga geraniol ndi puloteni yotchedwa RhNUDX1, ndipo kuti marozi osanunkhira amaipanga yochepa kwambiri. Marozi ambiri amalonda anataya fungo chifukwa owasankha ankafuna phesi lalitali, mtundu wowala ndi duwa lopirira ulendo wa pandege. Fungo limakula m'mawa, mame akangouma ndipo duwa litamasula theka. Dzuwa la masana ndi mphepo youma zimalichepetsa. Nchifukwa chake ku Kazanlak ku Bulgaria, ku Isparta ku Turkey ndi ku Kelaat M'Gouna ku Morocco, otchola Damask, kapena kuti Rosa damascena, amalawirira m'mbandakucha. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi pamafunika matani atatu kapena anayi a timasamba ta maluwa.

Rozi mu Africa ndi ku Malawi

Mitundu yakutchire ya rozi ilipo yoposa 100, ndipo yonse ndi ya kumpoto kwa dziko lapansi. Kummwera kwa chipululu cha Sahara, mtundu wachilengedwe ndi umodzi wokha, Rosa abyssinica, wa kumapiri a Ethiopia ndi maiko oyandikana nawo. Kummwera kwa Africa marozi anayamba kulimidwa ku Cape m'zaka za m'ma 1650, m'munda wa kampani ya Adatchi. Patapita zaka mazana atatu, Gwen Fagan anayenda m'manda, m'mafamu ndi m'mipanda yakale ya kumeneko kufunafuna marozi oiwalika, ndipo analemba buku lotchedwa Roses at the Cape of Good Hope, limene linatuluka mu 1988.

Ku Malawi mbewu zambiri zachilendo zinalowa kudzera m'minda ya mamishoni ndi ya boma la atsamunda. Mu 1878 Jonathan Duncan anafika ku Blantyre Mission ndi mbande za khofi zochokera ku Edinburgh, ndipo mu 1891 Alexander Whyte anayambitsa munda woyeserera mbewu ku Zomba. Chigawo chapakati chinalandira amishoni a mbali ziwiri. A Dutch Reformed ochokera ku Cape anatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo mu 1910 anakhazikika ku Bembeke, pamwamba pa mapiri pozizira bwino, pamene lero pali tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza. Madera amene magulu awiriwa ankachokera, Cape ndi France, anali ndi mwambo wakale wolima marozi. Ichi ndi chifukwa chake malo okhalitsa a mtundu umenewu ndi oyenera kuyambirapo pofufuza marozi akale.

Nyengo ndi nthaka ya Dedza

Tauni ya Dedza ili pamsewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kummwera chakummawa kwa Lilongwe, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira, usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo nthawi zina mumagwa chisanu chowaula masamba. Nyengo imeneyi ndiyo imakondweretsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi mapichesi amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu cha ku Bembeke. Pichesi ndi wa banja limodzi ndi rozi, pamodzi ndi maapozi, mapulamu ndi sitiroberi.

Usiku wozizira umathandiza duwa kukula pang'onopang'ono, kukhala lalikulu, ndi kusunga mtundu ndi fungo lake. Komabe kuzizira kwa Dedza sikufika pa mlingo umene Gallica, Alba ndi Centifolia amafuna. Kumalo otere amakonda kuchulukitsa masamba n'kumasula mwa apo ndi apo. Marozi a China, Tea ndi Noisette sagona kwenikweni, ndipo akapeza madzi amamasula miyezi yambiri pachaka. Zitsanzo za mbewu zimene zatsimikizika m'maiko opanda chisanu choopsa ndi 'Old Blush', 'Louis Philippe', 'Cramoisi Supérieur', 'Safrano', 'Duchesse de Brabant' ndi 'Lamarque'. A Bourbon amanunkhira koposa koma amagwidwa msanga ndi matenda a masamba m'dzinja, choncho amafuna malo opita mphepo.

Rozi amakonda nthaka yowawasa pang'ono, ya pH 6 mpaka 6.5. Katondo wofiira wa kumtunda amamuyenera akathiridwa manyowa okwanira. Makande a m'dambo amasunga madzi m'dzinja n'kuoletsa mizu, ndipo chisanu chimatsikira komweko.

Kufunafuna marozi akale

Ntchito yosaka marozi oiwalika ili ndi mbiri yake. Ku Texas, gulu la Texas Rose Rustlers linkatola nthambi m'mabwinja ndi m'makomo akale. Ku Bermuda kuli marozi ambiri amene maina awo enieni anatayika, ndipo amasungidwa ndi maina ongowapatsa. Rozi wofiirira wonunkhira amene William Welch anamupeza ku Louisiana n'kumutcha "Maggie" anadzaoneka kuti akufanana ndi wina wa ku Bermuda wotchedwa "Pacific" ndi wa ku India wotchedwa "Kakinada Red". Izi zikusonyeza m'mene mbewu imodzi inkayendera m'manja mwa anthu, dzina n'kutsalira m'njira.

Ku mapiri a Dedza, malo oyenera kuyang'ana ndi m'mbali mwa matchalitchi ndi nyumba za masisitere, nyumba zakale za pa Boma, masukulu ndi zipatala zokhalitsa, misasa ya zankhalango, ndi makomo a anthu amene makolo awo ankagwira ntchito yosamala maluwa m'malo otere. Nthawi yabwino ndi Okutobala, pamene maluwa oyamba amatuluka, ndi Epulo mpaka Meyi, mvula ikamatha. Chitsamba chimene chapirira mbuzi, chilimwe ndi kusasamalidwa kwa zaka zambiri chadzichitira kale umboni kuti chikugwirizana ndi dera.

Mwambo wake ndi woti kupempha si kuba. Pakhomo pa munthu amayamba ndi odi ndi malonje, pamishoni amapempha kwa bambo mfumu, abusa kapena amayi aakulu a nyumbayo. Kumanda n'kosiyana ndi maiko ena kumene osaka marozi amangolowa. Pakati pa Achewa manda ndi malo oopedwa, nthawi zambiri dambwe la Gule Wamkulu limakhala komweko, ndipo munthu salowako popanda chilolezo cha nyakwawa ndi eni mbumba. Chitsamba chakale sachizula. Amangodula nthambi zochepa n'kusiya tsinde pamalo pake.

Wotola nthambi alembe malo, tsiku, ndi zimene eni ake akukumbukira: anabzala ndani, anazitenga kuti, zimamasula miyezi iti. Ajambule ndi foni duwa lomasula, duwa losamasula, tsamba, minga ndi chitsamba chonse. Dzina lenileni likapanda kudziwika, rozi amapatsidwa dzina losungira, la mudzi kapena malo amene wapezeka, mpaka atadzazindikirika.

Kuzindikira

Rozi wa China amakhala ndi nthambi zing'onozing'ono zopyapyala, timasamba tosongoka, ndi maluwa amene amanka nadera akamakhalitsa padzuwa, m'malo mofwifwa. Wa Tea amaphuka mphukira zofiira ngati magazi a nkhuku ouma, ndipo duwa lake limazyolika chifukwa khosi lake ndi lofewa. Wa Noisette amayanga ndipo amamasula m'magulumagulu. Wa Bourbon ali ndi nthambi zazitali zopindika ndi duwa lozama, lothithikana, lomwe pakati pake pamaoneka ngati pagawika panayi.

Si rozi aliyense wokalamba amene ali wa magulu akale. Ena onunkhira kwambiri, monga 'Crimson Glory' wa mu 1935, 'Papa Meilland' wa mu 1963 ndi 'Double Delight' wa mu 1977, ndi amakono; amadziwika ndi phesi lowongoka lokhala ndi duwa limodzi losongoka pakati. Nawonso ndi oyenera kusungidwa. Palinso zitsamba zimene ndi tsinde chabe la rozi womezanitsa: wapamwambayo anafa, wapansi n'kuphuka. Zotere, monga 'Dr. Huey' wofiira modera ndi Rosa multiflora wa timaluwa toyera, zimakula mwamphamvu koma zimamasula kamodzi pachaka.

Kuchulukitsa

Njere za rozi sizibala chofanana ndi kholo lake, choncho mbewu imasungika pobzala nthambi, monga m'mene amachitira ndi chinangwa. Nthambi yoyenera ndi imene yangoyoyola duwa, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, yokhala ndi maso atatu kapena anayi. Amaidula ndi mpeni wakuthwa pansi penipeni pa mfundo, n'kuchotsa masamba onse kusiya awiri apamwamba. Ngati ulendo ndi wautali, amaikulunga m'nsalu yonyowa n'kuika m'pepala la pulasitiki.

Pa nazale amadzaza machubu ndi mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la pansi pa mitengo, n'kuzika nthambiyo theka lake. Pamwamba amavundikira botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi, n'kuika pamthunzi wowala, monga kuseri kwa nyumba kumene dzuwa la masana silifika. Dothi likhale lachinyezi koma losadikha madzi. M'kati mwa botolo mumaoneka timadontho m'mawa uliwonse, chizindikiro choti chinyezi chikukwanira. Mizu imatuluka pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, ndipo m'miyezi yozizira imachedwerapo. Masamba atsopano akaoneka msanga sizitanthauza kuti mizu yagwira. Chitsimikizo ndi timizu toyera totulukira kunsi kwa chubu. Nthambi ikada kuyambira pansi, yaola. Miyezi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, komanso Julayi pogwiritsa ntchito nthambi zokhwima zotsala podulira.

Marozi oyanga amachulukitsidwanso pokwirira. Amapinda nthambi yaitali mpaka pansi, kuitema pang'ono kunsi kwa mfundo, kuikwirira ndi dothi n'kutsendereza ndi mwala. Ikagwira mizu amaidula kwa mayi wake. Rozi womera pa mizu yakeyake amachedwa kukula chaka choyamba, koma akawauka ndi moto kapena kudyedwa ndi ziweto amaphukanso yemweyo.

Wofuna kuitanitsa mbewu kunja, monga ku South Africa, ayenera kutenga chilolezo ku nthambi ya kafukufuku ya Unduna wa Zamalimidwe, pamodzi ndi kalata yotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda.

Kubzala ndi kusamalira

Malo akhale owomba dzuwa maola osachepera asanu ndi limodzi, makamaka la m'mawa, loumitsa mame msanga. Atalikirane ndi bulugamu ndi paini, amene mizu yake imalanda madzi. Dzenje likhale la masentimita 50 mpaka 60 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa a khola owolerana. Zitsamba zitalikirane mita imodzi kapena imodzi ndi theka, zoyanga mamita awiri kapena atatu. Kuwokera kumayenda bwino mvula ikakhazikika mu Disembala.

M'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, chitsamba chaching'ono chimafuna ndowa imodzi ya madzi kamodzi kapena kawiri pasabata, othiridwa pansi osati pamasamba. Kuphimbira ndi udzu wouma kumasunga chinyezi, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe. Manyowa awonjezeredwe pambuyo podulira ndi pakati pa dzinja. Mpanda ndi wofunika, pakuti mbuzi zimadya mphukira za rozi ngakhale pali minga.

Kudulira kumachitika kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo maluwa amatuluka chakumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala. Marozi a China ndi Tea sakondwa ndi kudulidwa mpaka pansi monga amachitira ndi amakono, chifukwa maluwa awo amachokera pa tinthambi tating'ono tomwe. Amangochotsa zouma, zodwala ndi zopingasana, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba. Zaka ziwiri zoyambirira ndi bwino kungochisiya chikule. Omasula kamodzi pachaka amaduliridwa akangomaliza kumasula. Nthambi za oyanga zikamangidwa chogona pampanda zimatulutsa maluwa m'maso onse, osati kunsonga kokha.

Matenda ndi tizilombo

Vuto lalikulu m'dzinja ndi madontho akuda a pamasamba, oyambitsidwa ndi Diplocarpon rosae. Matendawa amalowa tsamba likakhala lonyowa maola pafupifupi asanu ndi awiri. Tsambalo limachita chikasu n'kuyoyoka. Kutola ndi kutentha masamba ogwa, kusathithikanitsa zitsamba ndi kuthirira pansi kumawachepetsa. M'miyezi ya chifunga ndi usiku wozizira mumabuka matenda ooneka ngati ufa woyera pa mphukira, ndipo nthawi zina dzimbiri kunsi kwa masamba. Maluwa othithikana kwambiri, monga 'Souvenir de la Malmaison', amakanika kumasula mvula ikachuluka, n'kuolera pamtengo.

Nsabwe zimaunjikana pa mphukira zanthete ndipo zimachoka ndi madzi a sopo wochepa. Akangaude ofiira, odziwika kwa alimi a tomato, amavuta kukatentha mu Okutobala, ndipo kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi kumawabalalitsa. Mankhwala ogula afunsidwe kwa alangizi a zaulimi, ndipo asapoperedwe maluwa atamasula, poteteza njuchi.

Ntchito yake ndi kasungidwe

Marozi akale sakhalitsa akathyoledwa, motero sapikisana ndi marozi amalonda amene Kenya ndi Ethiopia amatumiza ku Ulaya. Phindu lawo lili pafupi: kukongoletsa pakhomo, paguwa la tchalitchi, paukwati ndi pa nkhata zamaliro. Timasamba ta maluwa osapoperedwa mankhwala timaumitsidwa pamthunzi n'kuthiridwa mu tiyi, kapena kuwiritsidwa popanga madzi onunkhira ophikira. Mbande za m'machubu zimathanso kugulitsidwa limodzi ndi za zipatso.

Choopsa chachikulu kwa rozi wakale si matenda ayi, koma kusintha kwa eni malo. Nyumba ikagulitsidwa, bwalo likakonzedwa kapena mpanda wa njerwa ukamangidwa, chitsamba cha zaka zambiri chimatha ndi khasu tsiku limodzi. Njira yodalirika ndi kuonetsetsa kuti mtundu uliwonse wopezeka ukumera m'malo angapo otalikirana, kuti mbande imodzi ibwezedwe kwa amene anapereka nthambi, ndi kuti zolembedwa zake zisungidwe pamalo odziwika monga pasukulu kapena paparishi. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe likulu lake lili ku Zomba, ndi koleji ya zankhalango ya ku Chongoni ndi malo amene munthu angafunseko nzeru za kasungidwe ka zitsanzo za zomera ndi kayendetsedwe ka nazale.